Mmene mungakhalire munthu womveka pa ofesi popanda kunyambita bwana

Tsiku langa loyamba pa ntchito ya mu ofesi ndinafika 7 koloko isanakwane, nsapato zili pheee kupolisha, digiri ili mu envulopu ya khaki ngati pali wina amene aifunsenso, ndipo pa geti ndinangomudutsa mlonda osapereka ndi moni yomwe chifukwa mutu wanga wonse unali kwa abwana amene anandipanga intavyu. Patatha miyezi itatu ndinaiwala chaja ya laputopu ya kuntchito mu dirowa Lachisanu madzulo, lipoti likufunika Lolemba mmawa, ndipo munthu amene anali ndi makiyi Loweruka anali mlonda yemwe uja. Anandiuza mwaulemu kwambiri kuti malamulo salola kutsegula ofesi Loweruka popanda kalata ya a admin. Sananame, lamulolo linalipodi. Koma ndili chiimire pomwepo kunafika mayi wina wa ku akaunti, anapatsana moni wautali, kufunsana za ana, za mvula kumudzi, za mwendo umene unkawavuta madalawo, kenako makiyi n'kutuluka m'thumba okha popanda kalata ina iliyonse. Chaja yanga ananditengera ndi mayi aja.

Nde zimene ndikulemba apazi zinayambira pa geti pamene paja. Anthu ambiri tikamva zoti munthu akhale ndi mphamvu pa ntchito timaganiza za udindo, kapena kukhala pafupi ndi bwana mkubwa, kumunyamulira chikwama, kuseka nthabwala zake ngakhale zosaseketsa. Ine ndaona anthu audindo wonenepa amene memo yawo imatha sabata zitatu isanachoke pa tebulo limodzi kupita pa lina, ndaonanso kalaliki wamba amene akangoti "aise tandithandiza ichi" ofesi yonse imagwedezeka. Kusiyana kwake sikunali sukulu ayi.

Miyezi itatu yoyamba, maso ndi makutu basi

Amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, zoona, koma kalumoko musakasolole sabata yoyamba. Palibe chimene chimanyansa anthu akale pa ofesi ngati munthu amene wabwera dzana n'kumati "kumene ndinali kuja sitimapanga chonchi". Mwina mukunena zoona kuti kachitidwe kawo n'kochedwetsa, koma simukudziwa kuti anakayambitsa ndani, ndipo nthawi zambiri anakayambitsa ndi munthu yemwe mukumuuzayo. Lembani mu kabuku zonse zimene mukuona kuti n'zokhota, musunge, mudzazitulutsa mmodzimmodzi anthu akayamba kukukhulupirirani. Kumbukiraninso kuti muli pa purobeshoni, ndipo Employment Act ya 2000 imalola kuti nthawi yoyeserayi ifike mpaka miyezi 12 kwa anthu a ntchito zaluso, ndiye si nthawi yopanga adani iyi.

Ntchito yanu yeniyeni miyezi imeneyi ndi kuphunzira mapu a ofesi. Pakhoma pamakhala chithunzi chija cha mabokosi, bwana pamwamba, achiwiri awo pansi, mizere kutsika mpaka kwa inu. Chimenecho ndi cha alendo. Mapu enieni mumawapeza pofunsa mafunso ena: ndani amasunga dayale ya abwana ndipo amasankha kuti alowe ndani? Fayilo ikasowa amathamangira kwa ndani? Galimoto ikafunika mwadzidzidzi amaimbira ndani? Pa mitingi abwana akafuna kugamula nkhani amayamba ayang'ana nkhope ya ndani? Amene anagwirapo ntchito m'boma, kaya ku Capital Hill kaya kwa DC, akudziwa kuti munthu wa ku registry, kosungira mafayilo kuja, angathe kukupulumutsa kapena kukuika pa dzuwa miyezi, osati mwankhanza ayi, kungoti fayilo yako ili pansi pa mulu ndipo palibe chifukwa choti aiike pamwamba.

Sekilitale, mesenjala, dalaiva, wa ku stores, mnyamata wa IT, mayi wokonza mu ofesi ndi kuphika tiyi, mlonda. Dziwani mayina awo ndipo muziwatchula mmene iwo amafunira. Bambo wa zaka 55 amene wayendetsa galimoto za ofesiyo inu musanabadwe simungamuitane kuti "driver" ngati mukuitana kabaza, ndi a Phiri, a Mwale, kapena madala ngati mwazolowerana. Ndipo ulemuwu usakhale wa tsiku limene mukufuna chinthu, amazindikira msanga anthu amenewa, kuposa mabwana. Pa ulendo wa ku field dalaiva adye pamene inu mukudya, musamusiye mu galimoto pa dzuwa inu muli mkati mukudya chambo. Madalaiva amamva zonse zimene mabwana amakamba kumpando wakumbuyo, sindikuti muziwafunsa ayi, koma tsiku lina adzangokuuzani mwa iwo okha kuti "bwana wamng'ono, lero abwana musawapatse nkhani ya ndalama, sanadzuke bwino", ndipo mawu amenewo ndi golide.

Nkhani ya katchulidwe ikusiyananso malo ndi malo. M'ma NGO ena, makamaka kumene kuli azungu, abwana amakuuzani okha kuti muzingowatchula dzina loyamba, ndipo mukapitiriza "bwana, bwana" amaona ngati mukuwatalikira. M'boma ndi m'makampani akale yesani zimenezo muone. Onani mmene anzanu akuchitira, mukakaika yambani ndi ulemu wochuluka, kutsitsa n'kosavuta kusiyana ndi kukweza. Ndipo ngati mnzanu wa tebulo loyandikana ndi wa ku Rumphi kapena ku Mangochi, kuphunzira "muli uli" ndi "ali uli" sikudula ndalama. Chimene ndikukuletsani ndi kulowa kagulu ka "akwathu". Sabata yoyamba pamapezeka munthu amene akufunsani kuti kwanu n'kuti, mukayankha n'kukukumbatirani kuti tsopano tachuluka. Mwamwetulira, mwalandira, koma musalole kuti ofesi ikudziweni ngati munthu wa kagulu kameneko, chifukwa tsiku limene mkulu wa kaguluko adzasamutsidwe mudzatsala pa mtetete.

Khalani ndi chinthu chimodzi chimene amakusakirani

Moni yekha sakwanira. Pali anthu okoma mtima pa ofesi amene aliyense amawakonda koma palibe amene amawapatsa ntchito yofunika. Mphamvu imayamba pamene anthu akudziwa kuti chinthu chikapita kwa inu chibwerako, pa nthawi yake, chosafunika kukonzanso. Mukati Lachitatu likhale Lachitatu. Mukaona kuti simukwanitsa nenani Lolemba, osati kuzimitsa foni Lachitatu n'kudzanamizira netiweki kapena magetsi a ESCOM, bodza limenelo aliyense analigwiritsapo ntchito ndiye palibe amene amalikhulupirira.

Kenako sankhani kanthu kamodzi kamene ena amakathawa inu mukadziwe bwino. Kwa ine inali Excel, osati zozama ayi, ma pivot table ndi kukonza mafomula osweka basi, koma mwezi ukamatha anthu amene sankandiyankha moni bwinobwino ankabwera okha ndi ma flash awo. Kwa wina ndi kulemba kalata ya Chingerezi chosachititsa manyazi, wina kudziwa mafomu a MRA, wina malamulo ogulira katundu. Ndipo pali ntchito ina imene aliyense amaikana koma ine ndimati ilandireni ndi manja awiri: kulemba maminitsi, kutanthauza zimene zakambidwa ndi kugwirizanidwa pa mitingi. Wolemba maminitsi amalowa mitingi imene udindo wake sukanamulowetsa, amamva mmene akuluakulu amaganizira, ndipo patatha mwezi anthu akayamba kukangana kuti tinagwirizana chani, amene amafunsidwa ndi iyeyo. Lembani moona, tumizani pasanathe masiku awiri, muonetse bwino kuti wakuti achita chakuti pofika tsiku lakuti. Chenjezo lake ndi lakuti musakhale wa maminitsi mpaka kalekale, makamaka inu achemwali, chifukwa ma ofesi ena amangoganiza kuti maminitsi ndi tiyi ndi za akazi ngakhale mkaziyo ndi injiniya. Chaka chimodzi chakwana, phunzitsani wina, mupatsireni.

Pothandiza anthu musamawerengetsere pamaso pawo. Kupatsa n'kuika, koma ukamakumbutsa munthu tsiku ndi tsiku kuti ndinakuthandiza, chimene unaika chija chimasanduka ngongole ndipo anthu amadana ndi amene ali nawo ngongole. Komanso phunzirani kukana. "Pepani lero sindikwanitsa, ndili ndi za abwana zofunika 3 koloko, mawa mmawa bwanji?" Munthu amene amavomera chilichonse amatha ngati bulu wa ofesi, amasenza zonse koma pa pulomoshoni dzina lake silitchulidwa.

Abwana

Kusamala ubale ndi abwana si kunyambita. Wonyambita amauza bwana zimene akufuna kumva, ndipo mabwana ambiri, ngakhale amaoneka ngati akukondwa, amadziwa kuti munthuyu sangamudalire zinthu zikavuta. Inu chimene mukufuna ndi chakuti abwana asadzidzimuke chifukwa cha inu. Vuto likabuka mu gawo lanu alimve kwa inu, msanga, lisanafike kwa iwo kudzera kwa abwana awo kapena kwa donor. Ndipo polowa musalowe ndi vuto lokha, lowani ndi njira ziwiri, "bwana, sapulaya walephera, tingathe kudikira mpaka Lachisanu kapena titenge kwa wachiwiri uja koma mtengo wakwera pang'ono, ine ndikuona ngati wachiwiriyo". Mwawapatsa chosankha, mwaonetsa maganizo anu, chigamulo n'chawo.

Phunzirani mmene amafunira kulandira nkhani. Ena amafuna pepala, ena sawerenga imelo yopitirira mizere isanu, ena ukawatumizira pa WhatsApp usiku amayankha pompo, ena amaona ngati mwawaderera. Sekilitale amadziwa zonsezi, mufunseni.

Tsopano nkhani yotsutsa. Kwathu kuno kumutsutsa wamkulu pagulu ndi kumuvula, ngakhale mukunena zoona zenizeni, ndipo akavulidwa pamaso pa anthu sangabwererenso m'mbuyo ngakhale ataona kuti walakwitsa, ayenera kuumirira kuti asunge ulemu wake. Nde ngati mukuona kuti pulani ya abwana igwa m'dzenje, apezeni paokha mitingi isanayambe. Muyambe ndi funso osati chigamulo, "bwana ndimafuna mundithandize kumvetsa, tikapita njira iyi nanga ndalama za kotala yachitatu zikachedwa tidzatani?" Nthawi zambiri adzalowa mu mitingi n'kunena mfundo yanu ija ngati yawo. Zimawawa pang'ono, ndikudziwa, koma mwapambana, ndipo iwo akudziwa kumene inachokera.

Izi zikugwiranso ntchito pa maganizo anu atsopano aja munalemba mu kabuku. Mitingi si malo oyambitsira nkhani, ndi malo omalizira. Ngati mukufuna kuti chinthu chivomerezedwe Lachinayi, Lolemba mukambirane ndi wa ku akaunti kuti akuuzeni pamene pali vuto la ndalama, Lachiwiri ndi munthu uja amatsutsa chilichonse, mumufunse maganizo ake ndipo kanthu kamodzi ka iye mukalowetsemo. Pofika Lachinayi anthu atatu akuona ngati mfundoyo ndi yawo. Poyankhula nenani kuti "monga ananenera mayi Banda". Kutchula dzina la mnzanu pamaso pa abwana pa chinthu chabwino ndi mphatso yotchipa kwambiri imene ilipo, ndipo anthu saiwala.

Koma pali malire, ndipo malire ake ndi siginecha yanu. Abwana akakuuzani pakamwa kuti lipirani ichi, sainani apa, mapepala abwera pambuyo, inu bwererani pa tebulo lanu mulembe ka imelo kaulemu: "Bwana, potsatira zimene munandiuza mmawa uja kuti ndikonze malipiro a chakuti, ndimafuna kutsimikiza kuti ndamva bwino ndisanapitirize." Bwana woongoka amangoyankha kuti pitirizani. Wokhota amakuimbirani foni kuti bwanji mukulemba zimenezi, ndipo pamenepo mwadziwa. Amene timakumbukira Cashgate ya 2013, kubedwa kwa ndalama za boma kuja, tinaona kuti mwa anthu amene anamangidwa munali ogwira ntchito wamba a ku akaunti, osati akuluakulu okha, ndipo pamaso pa ACB kapena khoti mawu oti "anandituma ndi abwana" sakuchotserani dzina lanu pa vocha. Mukakana kanani mofatsa, musalalikire, ingonenani kuti mapepala akakwana musaina nthawi yomweyo. Mwina mudzaphonya maulendo angapo a alawansi chifukwa cha zimenezo. Mudzagona tulo.

Musamangirirenso tsogolo lanu lonse pa bwana mmodzi. Mabwana amasamutsidwa, makontirakiti amatha, m'boma ndi m'makampani a boma mukudziwa nokha mmene mipando imagwedezekera boma likasintha. Amene ankadziwika kuti ndi "mwana wa abwana" amavutika kwambiri wina akalowa. Dziwikani ndi ntchito yanu kwa anthu a madipatimenti ena, kuti bwana watsopano akafunsa kuti uyu ndi wotani, ayankhe ndi anthu asanu osiyana.

Pakamwa ndi pa gulupu

Miseche ya pa ofesi simungaithawe, ndipo kunena zoona ina imathandiza, ndi mmene mumadziwira kuti pulojekiti ikutha kapena kuti kukubwera kudula anthu. Lamulo langa ndi lakuti mverani koma musaonjezere ndipo musanyamule. Munthu akabwera ndi "wamva za uje?" mutha kungoti "eeh, zovuta" n'kubwerera pa kompyuta. Amene amakubweretserani nkhani za ena amatenganso zanu kupita nazo kwina, ndipo mawu anu amodzi okha oti "abwanawa nawonso" akafika atavala jekete ndi tayi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo pa ofesi umaupezadi, nthawi zambiri sabata imene mukuyembekezera kuti akuonjezereni kontirakiti.

Masiku ano mlomo uja ndi screenshot. Ofesi iliyonse ili ndi gulupu ya WhatsApp imene muli abwana, ndi ina imene mulibe abwana, ndipo yachiwiriyi ndi imene imapha anthu chifukwa mumamasuka n'kuiwala kuti mwa anthu 14 aja mmodzi ndi mthirakuwiri. Chilichonse chimene mukulemba muzichiona ngati chawerengedwa kale mokweza pa mitingi ya Lolemba. Voice note mutakwiya ayi. Ndale ayi, ngakhale chipani chanu chitawina, status yanu anzanu a kuntchito amaiona. Za mpira mutha kunyozana mmene mungafunire, za Bullets ndi Nomads sizinachotsetsepo munthu ntchito, bola muone kaye ngati abwana amapirira timu yawo ikaluza.

Ndalama, maliro ndi maulendo

Apa ndi pamene maubale ambiri a pa ofesi amafera, ndiye ndikhalitsapo pang'ono. Pofika pa 15 mwezi uli pakati, wina adzabwera pa tebulo lanu ndi mawu otsika, "achimwene tandipangani ka 20 pin ndibweza pa malipiro". Mukangobwereketsa kamodzi mbiri imamveka kuti muli nazo. Njira imene inandithandiza ndi iyi: khalani ndi kandalama kamene mungathe kutaya osadandaula, mubwereketse kameneko basi, ndipo munthu akapanda kubweza musakangane naye, mwagula chidziwitso, ulendo wina yankho ndi "pepani zandithina nanenso". Musabwereketse abwana anu ngati mungathe kuzemba, chifukwa kukawakumbutsa n'kovuta, ndipo musabwereke kwa munthu amene ali pansi panu, chifukwa tsiku limene adzachedwe ku ntchito pakamwa panu padzalemera. Za katapila wa pa ofesi, uja amabwereketsa ndi chiwongola dzanja n'kumadikirira pa ATM tsiku la malipiro, thawani, angakhale wokoma bwanji.

Banki mkhonde kapena chipereganyu cha pa ofesi ndi chabwino, chimakulowetsani m'gulu, koma lowani ndi ndalama imene mukwanitse mwezi ndi mwezi. Munthu amene walandira yake n'kuyamba kuzemba mwezi wa anzake dzina lake limaonongeka kuposa amene walephera lipoti. Ndipo musafulumire kuvomera usungichuma, ndalama za anthu mu Airtel Money kapena Mpamba yanu zimasakanikirana ndi zanu mosazindikira, mwana akadwala mwatapako, basi mbiri yapita.

Maliro ndi nkhani ina. Pepala la chipepeso likamazungulira lembanipo, ngakhale kochepa, ndipo lembani mofanana kaya wamwalira ndi mayi a abwana kaya ndi mwana wa mlonda. Anthu amaona kuti pa maliro a kwa abwana munathamanga mpaka kumudzi ku Ntcheu koma a kwa mesenjala ku Mtandire konkuno simunaoneke. Ngati mungathe kupita pitani, mukhale pansi, mugone nawo pa siwa ngati ndi munthu wa mu gawo lanu. Palibe chimene mungachite pa ofesi chimene chimamanga ubale ngati kuonekera tsiku limenelo, munthu amaiwala amene anamuthandiza Excel koma saiwala nkhope zimene anaziona kumanda. Za maukwati, ma bridal shower ndi zinkhoswe mutha kusankha, simungapite konse, perekani kochepa n'kupepesa, palibe amene amasunga mangawa a perekaniperekani kwa nthawi yaitali.

Kenako ma alawansi. Tisanamizane, pa ma ofesi ambiri nkhondo yeniyeni si ya udindo, ndi ya mndandanda wa opita ku wekishopu ku Mponela, ku Salima kapena ku Mangochi, chifukwa malipiro okha safika kumapeto kwa mwezi. Ngati dzina lanu likupezeka pa ulendo uliwonse, dziwani kuti pali anthu amene akuwerenga. Nthawi zina nenani nokha kuti "bwana ulendo uno apite uje, nkhaniyi amaidziwa bwino ndipo sanapiteko chaka chino". Mwataya ka alawansi ka masiku atatu koma mwapeza munthu. Ngati ndinu amene mumasiyidwa nthawi zonse, musang'ung'udze pa khonde, pitani kwa abwana ndi chifukwa cha ntchito, kuti gawo limene akukakambiranalo mumagwira ndi inu. Ndipo kusainira alawansi ya ulendo umene simunapite, ngakhale aliyense akutero, ndi chingwe chimene mwapereka kwa aliyense amene anaona.

Zikavuta

Tsiku lina wina adzatenga ntchito yanu n'kukaipereka ngati yake. Zinandichitikira, lipoti la mausiku atatu, dzina langa analichotsa pa tsamba loyamba. Ndinakwiya mpaka ndinalemba imelo yaitali yokopera aliyense, mwamwayi intaneti inadula isanapite. Mawa lake ndinamupeza payekha n'kumuuza kuti ndaona dzina langa palibe, mwina inali ngozi, koma ulendo wina tizilemba tonse. Anachita manyazi, sanapepese bwinobwino, koma sanabwerezenso. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kutumiza ntchito ikadali pakati, "bwana nayi draft, mundiuze ngati ndili pa njira", kuti pofika pomaliza aliyense akudziwa kale kuti inachokera kuti.

Mkangano uyambe pa awiri. Zikakanika, pezani munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza, ofesi iliyonse ili naye, mayi kapena bambo uja wakhalitsa amene alibe mbali, paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. HR ibwere pambuyo, chifukwa nkhani ikangolowa mu fayilo siitulukanso. Kudumpha bwana wanu kukanena kwa wamkulu wake ndi mfuti ya chipolopolo chimodzi, muiombe pokhapokha pa nkhani yaikulu ndipo muli ndi umboni wolembedwa, masiku ake, maimelo ake.

Pali nkhani zina zimene si zonyengererana ayi. Bwana kapena mnzanu amene akukugwiranigwirani, kukutumizirani mauthenga ausiku, kapena kukuuzani kuti kontirakiti yanu ili m'manja mwake mukapanda "kumuganizira", ameneyo akuphwanya lamulo. Gender Equality Act ya 2013 imati kuzunza munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 kundende. Sungani mauthengawo, musafufute, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo. Chimodzimodzi akafuna kukuchotsani ntchito mwachidule: Employment Act imafuna kuti pakhale chifukwa chomveka ndiponso kuti mupatsidwe mpata wodziteteza, ndipo kuli ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi Industrial Relations Court kumene nkhani zotere zimapita. Kudziwa zimenezi sikutanthauza kuti muziopseza nazo anthu pa kankhani kalikonse, kumangokuthandizani kuyankhula osanjenjemera. Sungani kopi ya kontirakiti yanu, ma payslip ndi makalata onse kunyumba, osati mu dirowa ya ku ofesi imene angakutsekereni. Muzionanso ngati ndalama za penshoni zikupitadi, 5 peresenti yanu imene amadula ndi 10 peresenti ya olemba ntchito, funsani sitetimenti, kufunsa kumeneko si mwano.

Za zibwenzi za pa ofesi sindinena zambiri, ndinu akuluakulu. Kungoti chikatha mudzakumanabe pa fotokope tsiku lililonse, ndipo ngati mmodzi ndi bwana wa mnzake ofesi yonse idzati pulomoshoni ija inachokera kumeneko ngakhale munaigwirira ntchito.

Mukakwezedwa, kapena mukamachoka

Tsiku limene mwakwezedwa kukhala bwana wa anzanu amene mumadya nawo chipisi cha pa chiwaya, zinthu zimasintha ngakhale inu musafune. Ena adzayembekezera kuti muziwakhululukira kuchedwa, ena adzayamba kukutchulani "bwana" monyoza. Apezeni mmodzimmodzi sabata yoyamba, makamaka uja amene ankafunanso mpandowo, mumuuze poyera kuti mukudziwa kuti naye amayenera ndipo mukufuna thandizo lake pa chakuti ndi chakuti. Mu gulupu ija mulibe mabwana tulukanimo nokha mwaulemu asanatsegule ina yopanda inu. Gawani maulendo moonekera, lembani pa bolodi ngati n'kotheka. Wolakwa mudzudzuleni chitseko chili chotseka, wochita bwino mumuyamikire pa mitingi. Ndipo zinthu zikalakwika mu gawo lanu, kwa akuluakulu nenani kuti "talakwitsa" kapena "ndalakwitsa", osati kupereka dzina la kamnyamata ka intern.

Pochoka napo pali kachitidwe kake. Dziko lathu ndi laling'ono, ku Lilongwe ndi ku Blantyre anthu a ntchito imodzi amadziwana onse, amene mwamutukwana potuluka mudzamupeza atakhala pa panelo ya intavyu zaka zitatu zikubwerazi, kapena ndi mlamu wake wa bwana wanu watsopano. Perekani notisi monga mwa kontirakiti, bwezani ngongole zonse ndi za banki mkhonde zomwe, lembani handover yomveka yokhala ndi mapasiwedi, mafayilo ali pati, ndani amayankha foni ku ofesi yakuti. Pa exit interview, pamene amakufunsani chifukwa chimene mukuchokera, musakhuthule zonse za mumtima, nenani ziwiri zimene zingakonzedwe basi. Tsiku lomaliza zungulirani ofesi yonse kutsanzika, kuyambira ku registry, ku kitchini, ku ma dalaiva.

Ine tsiku langa lomaliza pa ofesi ija ndinamalizira pa geti. Madala aja anali atasiya kalekale kundifunsa kalata ya a admin, tinakhala pa benchi yawo mphindi makumi awiri, anandiuza kuti mwana wawo wamkazi wakhoza MSCE ndipo akufuna ayesere za unamwino, nde ndinatenga nambala yake kuti ndizimutumizira ma advert akatuluka. Anandinyamulira katoni yanga mpaka pa siteji ya minibasi, ine kukana iwo kuumirira, mpaka kondakitala anaganiza kuti ndi bambo anga.